Amene Ankayendetsa Galimoto Ija Ndine

Abale anga, ndaona mmene munandiyang'anira polowa. Ba mudala ali pafupi ndi zenera apo anagunda mnzawo ndi chigongono, ndipo ndinamva akunong'ona kuti, "Chimphepo." Inde, ndine amene. Dzina langa lenileni ndine Alifeyo Banda, wobadwira muno m'Kabwata, mwana wa mesenjala wa ku maofesi a boma. Abusa atandipempha kuti ndidzalankhule kwa inu amene mukulimbana ndi mowa, ndinavomera, koma ndinawachenjeza kuti nkhani ya chigoli chija muimva mosiyana ndi mmene munaimvera pa wailesi.

Mpira ndinauyambira pa fumbi la kuseri kwa msika, wa nsanza womanga ndi zingwe. Mbendera yatsopano ya ufulu itakwera ndinali ndikadali pa sukulu, ndipo sukuluyo sindinaimalize, chifukwa timu ya kampani ina yaikulu ya boma inanditenga. Anandilemba ngati kalaliki wa ku sitolo, koma cholembera sindinachigwirepo. Ntchito yanga inali imodzi: kuima kutsogolo ndi kulowetsa mpira mu ukonde. Ndinali wamtali, wothamanga, ndipo mpira wa m'mwamba sunkandiphonya pamutu.

Koma wosewera kutsogolo sadya yekha, pamafunika womupatsira. Wanga anali Mwansa, mnyamata wa ku Kopala, dera la migodi, wamfupi, wa miyendo ya matewe, wosewera kumbali ya kumanja. Akafuna kuponya mpira pakati ankakweza dzanja, n'kuimba kakhweru kakafupi ka m'mano. Ndikangomva kakhweruko ndinkathamangira pa mtengo wakutali wa golo osayang'ana n'komwe, ndipo mpira unkandipeza pamphumi. Mwansa anali Mkatolika wa m'kwaya. Ife tikamatsegula mabotolo iye ankamwa munkoyo, chakumwa chosaledzeretsa, umene mkazi wake, bana Chileshe, kutanthauza mayi a Chileshe, ankamuikira m'chigubu. Ankakhala m'nyumba ya kampani ku Chelstone, ndi ana awiri aang'ono, woyamba Chileshe, wachiwiri mnyamata.

Tonse awiri anatiitana ku timu ya dziko. Ndege yathu yoyamba inali ya ku Nairobi, Mwansa atagwira kolona ulendo wonse, ine ndikumuseka. Tinapita ku Kinshasa, ku Addis Ababa, ku Khartoum kumene kutentha kunatiumitsa malovu. Tinkavala majekete okhala ndi chizindikiro cha dziko pachifuwa. Tikabwerako, makondakitala sankandilipiritsa, ndipo m'mabala a m'tauni mowa unkangofika patebulo osadziwa wagula ndani. Wapampando wa timu yathu, amene tinkangowatchula kuti ba Tcheya, analinso munthu wamkulu m'Chipani. Iwo ndi amene anandipatsa kagalimoto kofiira, n'kundiuza kuti wogoletsa zigoli za dziko sayenera kuyenda wapansi.

Lamlungu lina masana ba Tcheya anatiitanira nyama yowotcha kunyumba kwawo ku Kabulonga. Kunali kutatsala sabata imodzi kuti tisewere ndi timu ina yoopsa ya kumadzulo kwa Africa, pa bwalo lathu lomwe. Ine ndinayamba kumwa dzuwa lili pamutu. Cha m'ma folo koloko Mwansa anabwera pamene ndinakhala.

"Boi, ine napita. Chileshe anagona na malungo, nifuna nikamuone."

"Tiye nikupeleke."

"Awe, wamwa maningi. Nizakwela minibasi."

"Iwe, winga wa dziko akwele minibasi ine nili na motoka? Kwela!"

Anakwera chifukwa sankadziwa kundikanira. Pa msewu waukulu wopita ku Chipata ndinaponda moto. Kutsogolo kunali lole ya matumba a chimanga, ndipo ndinaganiza zoipitirira. Mwansa anagwira dashibodi ndi manja onse n'kunena kuti, "Chepesako boi, sitithamangila bola." Ndinaseka. Kenako kunatulukira basi kutsogolo, ndinakhotetsa kubwerera kumanzere, galimoto inachoka mumsewu n'kukamenya mtengo wa bulugamu, mbali imene anakhala iyeyo.

Ndinatsitsimuka ndili pa udzu. Anthu odutsa anali atatitulutsa tonse awiri, ndipo m'chipwirikiticho palibe anasamala kuti uyu anali mpando uti. Ine ndinali ndi bala pachipumi basi. Mwansa anamalizikira kumbuyo kwa vani imene inatitengera ku chipatala, mutu wake uli pamiyendo panga. Sanalankhulenso.

Ba Tcheya anafika ku chipatala apolisi asanandifunse kanthu. Anatseka chitseko n'kuima pafupi ndi bedi.

"Amene anali kuyendesa ni Mwansa. Wenze kumupunzisa motoka, si zoona? Anthu onse aziba. Lelo anamwako, anapempa makiyi. Wamvela?"

"Koma ba Tcheya, Mwansa samamwa."

"Mwana wanga, Sondo ikubwela dziko lonse lili pa iwe. Ufuna ukankale mu selo? Uja wapita kudala, sangamangiwe."

Ndikufuna mumvetse bwino apa. Sanandiloze mfuti, sanandiopseze. Ndinangogwedeza mutu. Wapolisi atabwera ndi buku lake, mawuwo anatuluka m'kamwa mwanga mosavuta ngati ndikupereka moni.

Lachitatu ndinanyamula nawo bokosi lake. Lamlungu ndinalowa m'bwalo ndi kansalu kakuda pamkono. Chigoli chija mukuchidziwa: chigawo chachiwiri, mpira wa pakona, ine kudumpha pakati pa anthu awiri, goloboyi kugwera kwina mpira kulowera kwina. Bwalo lonse linagwedezeka. Anzanga anandigwera pamsana, ndipo nditadzuka ndinayang'ana kumbali ya kumanja monga ndinazolowera. Mwansa anali ataima pamzere, atavala shati yoyera imene anavala ku Kabulonga, dzanja lili m'mwamba. Sankaseka, sankakwiya, ankangondiyang'ana.

Anthu amati zoterezi zimabwera mumdima. Wanga ankabwera masana, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pikitipikiti. Mpira ukamabwera m'mwamba ndinkamva kakhweru kaja, ndipo miyendo inkafa. Ndinayamba kuphonya zigoli zoti ngakhale nkhalamba ingagoletse. Ndinapeza kuti ndikamwa botolo limodzi tisanalowe m'bwalo, kakhweruko kankamveka patali. Kenako anafunika awiri. Kenako kachasu m'botolo la mankhwala opaka, m'chikwama cha nsapato.

Ndinamva kuti kampani yauza bana Chileshe kuti banja la munthu wodzipha yekha ndi mowa silipatsidwa kanthu, ndipo yawatulutsa m'nyumba. Ndinamva, n'kuitanitsa lina.

Zotsatira zake sizifuna nthawi yaitali. Ku timu ya dziko anasiya kundiitana. Ku kalabu anandikhazika pa benchi, kenako kunja kwa mpanda, tsiku limene ndinasanza pakati pa bwalo anthu akuona. Ba Tcheya anasiya kundizindikira. Timu ina yaing'ono ya ku Kabwe inandiyesa miyezi itatu n'kundibweza. Mkazi wanga Esinati anatenga ana kupita kwawo ku Katete. Jekete ya dziko ndinaisinthanitsa ndi kachasu kwa mayi wina wa ku Chibolya. Mlongo wanga Tisauke, mphunzitsi wa ku Chilenje, anandisunga mpaka tsiku limene ndinagulitsa simbi yake yositira ndi wailesi, ndipo ananditsekera kunja. Ndinatsala ndi chinthu chimodzi chogulitsa, chigoli chija. Ndinkalowa m'mashabini, wina n'kufuula kuti, "Ba Chimphepo, tiuzenkoni za mutu uja!" Ndinkaimirira, kudumpha, kuwaonetsa mmene ndinakhotetsera khosi, ndipo pomaliza ndinkati, "Chinali cha Mwansa, mnzanga." Ndinkalira misozi yeniyeni, iwo n'kundigulira. Zaka khumi ndi chimodzi ndinamwera dzina la munthu amene ndinamupha ndi kumunamizira.

Nthawi imeneyo ndinali ndikunyamula katundu pa msika waukulu wa m'tauni. Ku Chelstone sindinkapitako, ngakhale andilonjeze chiyani. Koma m'mawa wina ndinadzuka manja akunjenjemera moti sindinathe kumanga zingwe za nsapato, ndipo panalibe wondigulira. Mwini vani wina ankafuna munthu wokatsitsa matumba a kapenta, tinsomba touma tija. Ndinakwera kumbuyo osafunsa kumene tikupita. Ndinazindikira tili kale pa msewu uja. Mtengo uja ulipobe, abale anga. Khungwa linamera mopindika pamene chitsulo chinalowa. Ndinabisa nkhope m'matumba mpaka tinaima.

Pa msika wa Chelstone mwini vani anandilozera. "Iyi saka peleka kuli ba mayo baja ba chitambala cha blu."

Ndinasenza thumba, kudutsa pakati pa mabenchi a tomato ndi makala. Mayiyo anali atawerama akupepeta kapenta m'lichero.

"Ikani apa," anatero osadzutsa mutu.

Ndinatula. Atadzutsa mutu, lichero linaima m'manja mwake. Anali atachepa thupi, tsitsi la m'mbali litayamba kuyera, koma maso anali omwe aja amene anandiyang'ana kumanda. Ine ndinali ndi ndevu zosapesa, nsapato zosiyana, fungo langa ndinkalimva ndekha. Ndinkayembekeza kuti sandizindikira.

"Ba Alifeyo."

Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndithawe, koma ndinapunthwa pa thumba lija.

"Nkalani pansi, muzagwa," anatero, n'kundikankhira chidebe chovundikira.

Kunabwera wogula. Bana Chileshe anamuyezera kapenta m'kambale, kumukulungira m'pepala, kumufunsa za odwala kunyumba, zonsezo ine ndili pa chidebe ngati mwana woyembekeza chilango. Wogulayo atachoka, anapukuta manja pa chitenje n'kukhala moyang'anana nane. Sanakweze mawu.

"Ku chipatala bananipasa zovala zake mu pepala. Shati ija yoyela ninaisita ine m'mawa wa siku ija. Kumanzele konse inali yong'ambika, magalasi ali mukati. Kumanja kunalibe na kadontho ka magazi. Ine sininapite patali na sukulu, ba Alifeyo, koma niziba mbali yamene ankala woyendesa motoka."

Phokoso lonse la msika linachoka m'makutu mwanga.

"Munadziwa?"

"Kuchokela siku yoyamba."

"Nanga bwanji simunakambe?"

"Kuli ndani? Ba Tcheya banu ndiye benze kusaina makadi ya malo pano pamsika. Nenze na bana babili na mapoto. Ninayembekeza imwe. Pa malilo ninakuyang'anani, nati mwina azakamba. Pa wailesi ninamvela chigoli, nati mwina manje azakamba."

Anatola kapenta mmodzi amene anagwera pansi, kumuuzira fumbi, n'kumubwezera m'lichero.

"Chileshe ali mu giledi seveni. Ku sukulu banzake bamuuza ati tate wako anali chakolwa, anafuna kupaya Chimphepo. Anabwela alila. Ninamuuza ati ni boza, atate ako sanamwepo moba. Ananifunsa ati, nanga ngati ni boza, bwanji ba Chimphepo sibakamba? Manje imwe niuzeni. Nimuyanke chani?"

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti chinsinsi changa tikuchidziwa atatu, ine, ba Tcheya ndi wakufa. Koma apa panali mayi amene anachinyamula tsiku lililonse pamodzi ndi lichero lake, ndi mwana amene ankachilipira pa bwalo la sukulu. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

"Nenze kuyendesa ndine. Nenze n'namwa. Ananiuza kuti nichepeseko, ine ninaseka."

Kanali koyamba kuwanena mokweza. Ndinkaganiza kuti alira, kapena aitana anthu andimenye, ndipo zikanandikomera. Iye anangopukusa mutu.

"Sinifuna kuvimvela na kachasu mukamwa. Mawa muzakana ati nenze wokolewa. Tinkala ku Kaunda Square, kuseli kwa chigayo. Mubwele m'mawa muli bwino, mukakambe pamenso pa bana."

Mwini vani anandipatsa ya ganyu yanga. Pafupi pomwepo panali nyumba imene ndinkadziwa kuti amagulitsa kachasu. Ndinaima pakhomo pake nthawi yaitali ndithu. Kenako ndinayenda wapansi kuchoka ku Chelstone mpaka ku Chilenje, n'kukagogoda kwa mlongo wanga.

"Ufuna kuba chani lelo?" anafunsa Tisauke ali kuseri kwa chitseko.

Ndinamuuza zonse ndili panja. Atatsegula, ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti anditsekere m'chipinda ndi kusunga kiyi mpaka kuche, ngakhale ndimutukwane. Ndinamutukwanadi. Sanatsegule. M'mawa anandiwiritsira madzi, kundibwereka malaya a malemu mwamuna wake, n'kupita nane.

Tinawapeza atakhala pa mphasa, mayi ndi ana ake awiri. Chileshe anali ndi chipumi cha bambo ake. Ndinagwada pa dothi n'kunena zonse, kuyambira ku Kabulonga mpaka m'chipatala. Mnyamatayo anadzuka n'kulowa m'nyumba. Chileshe anakhalabe.

"Banakamba chani pomaliza?"

Ndinamuuza mawu aja. Ndinamuuzanso kuti anachoka pa phwando msanga chifukwa iyeyo anali ndi malungo. Anatembenukira kwa mayi ake n'kubisa nkhope m'chitenje chawo.

Tsiku lomwelo Tisauke anandiperekeza ku polisi. Wapolisi wa pa kauntala atandiona anadumpha. "Ba Chimphepo! Ine nenzeko siku ija, kumbuyo kwa golo!" Nditamuuza chimene ndabwerera, anatseka buku. "Ba mudala, iyi nkhani ni yakudala. Yendani mukapumule." Mlongo wanga anayika chikwama chake pa kauntala n'kunena kuti sitichoka mpaka alembe. Analemba. Ba Tcheya anali atamwalira kale, ndipo sindinafune kubisala kumbuyo kwawo. Khoti linandipatsa zaka ziwiri, ndipo nyuzipepala imene inalemba kuti Mwansa anali ataledzera inalembanso, pa tsamba la mkati, kuti sizinali choncho. Bana Chileshe anadula kachidutswako n'kukaonetsa aphunzitsi a mwana wawo. Nyumba ija sinabwerere.

Tsopano ndinene zimene zinandithandiza, poti ndi zimene mwadzera. Masiku oyamba osamwa ndi oopsa, musawayese nokha. Ine anandipeza ndili m'selo kuyembekeza khoti. Ndinkaona zinthu zikuyenda pakhoma, ndipo akanapanda kundigwira akaidi anzanga ndikanadzivulaza. Pezani munthu wouma mtima pang'ono, ngati mlongo wanga, osati wokumverani chisoni. M'ndende ndinapempha ntchito ya kudimba, chifukwa ndinaona kuti manja akakhala opanda chogwira amafuna botolo. Nditatuluka ndinapeza ntchito yotchetcha udzu ndi kujambula mizere pa bwalo lina ku Woodlands. Njira yachidule yopita kumeneko imadutsa pa mashabini atatu, choncho ndimazungulira, ngakhale kugwe mvula. Chiwongolero sindinachigwirenso. Esinati ndinamulembera kalata yonena zonse. Sanabwerere, koma ana amabwera pa holide.

Chovuta kwambiri chinali anthu okonda mpira. Mpaka lero, ndikaima pa mzere wa ufa, wina amandigwira phewa. "Ba Chimphepo, tiyeni nikugulileni kamozi, mutiuzeko za chigoli chija." Poyamba ndinkangothawa. Tsopano ndimati, "Nizakuuzani, koma tiyambile pa Sondo ya kumbuyo kwake." Ndikafika pa mtengo wa bulugamu, dzanja lija limachoka paphewa, ndipo za mowa sazitchulanso. Yesani inunso. Anzanu a kumowa amafuna nkhani yokoma, mukawapatsa yoona amakusiyani okha.

Wina afunsa ngati Mwansa amabwerabe. Amabwera. Ndikamakankha kangolo ka laimu kumbali ya kumanja, bwalo lili lopanda munthu, nthawi zina ndimadziwa kuti sindili ndekha. Kuulula sikunamuchotse, ndipo ndinasiya kupempha kuti achoke. Chimene chinasintha n'chakuti sindithamangiranso botolo. Ndimaima, kumuuza kuti Chileshe anakhoza mayeso, kuti mnyamata uja akuphunzira za ukalipentala, kenako ndimapitiriza mzere wanga.

Musaganize kuti ndinakhululukidwa ngati m'sewero la ku tchalitchi. Mawu amenewo bana Chileshe sanawanenepo, ndipo ine ndilibe ufulu wowapempha. Mwezi watha ndinapita ku Chelstone kukagula kapenta pa benchi pawo. Ndinapereka moni, anayankha. Anandiyezera kambale kamodzi ndendende, osaikapo mbasela ngakhale kansomba kamodzi. Pamene ndinkatembenuka anati, "Mwanenepako, ba Alifeyo. Musabwelele." Ndinayenda mpaka pa siteji ndikulira ngati mwana, pepala la kapenta lili m'manja.

Ndikuyang'ana nkhope zanu, ndipo ndikudziwa kuti si nonse amene mumamwa chifukwa mowa ndi wokoma. Alipo pano amene ali ndi khomo limene akhala akulizemba zaka zambiri, ndipo akuganiza kuti a m'nyumbamo sadziwa. Mwina amadziwa, akungoyembekeza inu. Tikatha kupemphera, ena apite kukamwa tiyi kuseri. Ine ndikhala pompano pa benchi iyi. Amene akufuna womuperekeza mawa m'mawa abwere andiuze dera lake, ndi nthawi yoti tikumane.